Diso Limodzi la Atelala

"Ndiye mukufuna mukaime pamaso pa anthu, mukweze dzanja, mumangitse mwana wobereka nokha?"

Mayi a Chisamba anafunsa ataima pakhomo la chipinda chosokera, manja ali m'chiuno. Amuna awo, atelala, anali kuseri kwa makina, akupinda nsalu yomwe anali ataipinda kale. Diso lomwe madokotala anachotsa ng'ala linali lidakali lofiira, likuchucha timisozi.

"Sindinati ndikamangitsa munthu ine," anatero atelala. "Ndati akandilumbiritsa n'kundifunsa zomwe ndinaona, ndikanena zomwe ndinaonazo."

"Munaona chiyani inu? Munthu wochokera ku opaleshoni, diso lili mu thonje ndi pulasitala, mutu ukuzungulira ndi mankhwala! Ngakhale njovu ikanadutsa mukanati ndi mtambo."

"Maso ndili nawo awiri, mayi. Anamanga limodzi."

"Mwamva, achimwene? Mwamva mayankhidwe ake? Zaka zonsezi ndakhala ndi chitsa m'nyumba muno, ine n'kumati ndi mwamuna!"

Achimwene awowo, malume ake a Chisamba, anali pabenchi la makasitomala, mwendo uli pa unzake. Anali munthu wodziwa zitseko zonse za m'tauni, zakumaso ndi zakuseri zomwe, ndipo loya amene ankayendetsa nkhaniyi anamupeza ndi iwo.

"Alamu, tiyeni tilankhulane ngati akuluakulu," anatero malumewo. "Palibe amene akuti mukanamizire munthu. Inu mukangoti, 'Bwana, ndinali ndi bandeji, ndinkasinza, ndinangomva phokoso.' Basi, mwatha. Angatsutse ndani? Ngakhale dokotala wanu akhoza kukuikirani kumbuyo. Zotsalazo asiyireni aloya. Iwo akanena kuti wanjinga uja ankazemba dzenje n'kudzilowetsa yekha mumsewu. Ndipo dzenjelo lilipodi, ndakaliona ndi maso angawa."

"Dzenje lilipo, koma munthu uja sanalizembe. Anali kumbali kwake, kunja kwa mzere. Galimoto ndi imene inamutsatira."

"Chibale ndi fupa, alamu, sichiola."

"Mlandunso suola," anatero atelala, n'kuyamba kufunafuna sizasi yomwe inali pamphuno pawo pomwepo.

Nkhani yake inali iyi. Chisamba, mwana wawo woyamba, wamkazi, ankagwira ntchito pa kampani yogulitsa mbewu, ndipo ankayenda m'madera ndi galimoto ya kampaniyo. Tsiku lomwe bambo ake anatuluka m'chipatala anapita kukawatenga. Ali m'njira, mayi ake, omwe anatsala kunyumba mtima uli m'mwamba, anaimba foni ija yoonana nkhope. "Tandionetsa bambo ako, ndione ngati awabwezera diso kapena awakolowola!" Chisamba anaseka, nanyamula foni ndi dzanja limodzi kuilozetsa kwa bambo ake. Poona kuti nkhope yawo sikukwana bwino, anasuzumira kuti aikonze. Mayi a Chisamba anaona amuna awo akumwetulira ndi pulasitala wawo. Kenako anamva kuti phuu, anaona denga la galimoto, anamva mwana wawo akukuwa. Wogundidwayo anali bambo wogulitsa mkaka, yemwe ankapalasa njinga yake m'mphepete mwa msewu, zigubu zili kumbuyo.

Wamkakayo sanafe, koma mwendo unatheratu ndipo mutu unamenyetseka moti sankakumbukira kanthu. Pamalopo panalibe nyumba kapena wodutsa. Apolisi anatsegulira Chisamba mlandu woyendetsa galimoto mosasamala, anamutulutsa pa belo, ndipo mboni yawo inali imodzi yokha: bambo ake omwe. Za foni apolisi sankadziwa. Malume anali atafufuta kale zonse m'mafoni awiri aja, koma m'mutu mwa mlongo wawo sanathe kufufutamo. Mayiwo akangotseka maso ankaona denga la galimoto lija, ndipo n'chifukwa chake ankakalipa kwambiri kuposa wina aliyense.

"Tamverani, bambo a Chisamba," anatero akutsitsa mawu. "Mwana uja akavomera, ntchito yatha, laisensi yapita, mwinanso ndende. Mdzukulu wanu wangoyamba kumene sukulu, bambo ake anathawa kalekale. Adzamuuza chiyani anzake? Wamkaka uja mwendo wake subwereranso mwakale, kaya munene kaya musanene. Madzi akatayika sawoleka. Bwanji tisapulumutse amene angapulumuke?"

"Mukuyesa ine sizikundiwawa?" Atelala anaika sizasi pansi. "Yunifolomu yake yoyamba ndinasokera pamakina omwewa. Tsiku lomwe anabwera ndi galimoto pakhomo pano ndinaitana msewu wonse kuti udzaone. Ine kupita ndekha kupolisi kukamunenera, ayi, sindingathe, ndipo sindinapite. Koma kulumbira n'kunena kuti sindinaone, kuti munthu wogona m'chipatala asanduke wolakwa, pamenepo pakamwa panga pakukana. Pachiwongolero chija tinalipo atatu, mayi. Inu munaimba, ine ndinatembenuka n'kumamwetulira ngati mkwati, iye anagwira foni. Palibe mwa ife amene anati dikirani tiime kaye."

Abale inu, mawu amenewo analasa penipeni.

"Chabwino. Mukakatsegula pakamwa panupo, mudzaphike nokha, mudzachape nokha, mudzakambe ndi makina anuwo. Ine ndidzatenga mdzukulu wanga ndizipita."

Anamenyetsa chitseko. Potembenuka anapeza Chisamba ataima m'kanjira ka pakati pa zipinda, beseni la zochapa lili m'manja. Anali atamva zonse, koma anangowapatsa njira n'kutuluka panja.

Masiku otsatira nyumba ija inazizira ngakhale kunja kunali dzuwa. Mayi a Chisamba ankaika chakudya cha amuna awo patebulo osanena kanthu, ngati akupatsira mlendo wosamufuna. Mankhwala odonthezera m'diso, omwe poyamba ankawathira okha uku akuwanena kuti amaphethira ngati kamwana, anawasiya pawindo. Amene anatenga kabotoloko ndi Chisamba. M'mawa ndi madzulo ankasamba m'manja, n'kuwakhazika bambo ake pampando wa pakhonde, n'kuwapendeketsa mutu. Mayi ake ankaonera pawindo la kukhitchini, mtima ukuwira. Munthu akufuna kukumangitsa, iwe n'kumamukonzera diso lomwe!

Tsiku lina akupukuta mbale anamva awiriwo akulankhula.

"Bambo, mukanenadi?"

"Akandifunsa, mwana wanga."

"Ngakhale zitanthauze kuti ndipite kundende?"

"Ndikalira. Mwina sindidzagonanso tulo tabwino mpaka kufa. Koma ndikanena."

"Nanga amayi akachokadi?"

"Ndidzawatsatira kukawapepesa tsiku ndi tsiku, mpaka adzatope nane."

"Yang'anani kumwamba," anatero Chisamba. "Musaphethire."

Mayi a Chisamba anaika mbale pansi mwamphamvu kuti amveke kuti alipo. Koma kunena zoona, mumtima mwawo munalowa kanthu komwe sankakafuna. Mwamuna uyu, yemwe ankalephera kukana ngakhale kasitomala wobwera ndi nsalu Loweruka madzulo n'kufuna diresi Lamlungu m'mawa, lero akukana mkazi wake, mlamu wake ndi loya pamodzi. Anadzikalipira okha chifukwa chomusirira.

Malume ankabwera pafupipafupi kudzaphunzitsa Chisamba zokanena. Ankamukhazika pabalaza, iwo n'kusanduka woweruza.

"Ukuvomera mlanduwu kapena ukukana?"

"Ndikukana."

"Kweza mawu! Ukuyankha ngati wakuba nkhuku. Manja ako onse anali kuti?"

"Pachiwongolero."

"Eya! Ukatero basi. Za bambo akozo usade nkhawa, aloya adziwa powagwira. Akawafunsa za mankhwala ogonetsa, za diso lotsalalo kuti nalonso lili ndi ng'ala yake, mpaka woweruza aone yekha kuti mdala uyu sangasiyanitse njinga ndi mbuzi. Akatuluka m'bokosi muja anthu akuseka."

"Akawaseke bambo anga?" anafunsa Chisamba.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wa mlongo wanga. Kusekedwa sikupha munthu."

Chisamba anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana pansi.

Sabata yoti mlandu ulowa, atelala anayenera kubwerera kuchipatala kuti adokotala akaone diso. Anapita onse atatu pa minibasi, mayi atakhala mpando wawokha kutsogolo. Adokotala anati diso lapola bwino. Potuluka anadutsa kuseri kwa wodi ya amuna, pomwe pali mpopi ndi zingwe zoyanikapo zovala za odwala. Mayi wina wochepa thupi, yemwe ankachapa nsalu pamenepo, anawayang'anitsitsa, n'kupukuta manja, n'kuwathamangira.

"Pepani, kodi si inu a galimoto ija? Ndinakuonani kupolisi tsiku lija. Ine ndine mkazi wa wamkaka uja."

Mayi a Chisamba anaima kutsogolo kwa mwana wawo, atakonzeka kulandira matemberero. Koma mayi uja anagwada pasimenti yonyowa ija.

"Ndimafuna ndikupezeni ndipepese. Kunabwera bambo wina wa jekete, anatifotokozera kuti amuna anga ndi amene analowa mumsewu pozemba dzenje. Akuti galimoto ya kampani inaphwanyika, ndipo inu achemwali akuimitsani ntchito chifukwa cha ife. Mutikhululukire. Munthu uja wayenda msewu umenewu kuyambira tisanakwatirane, sindikudziwa chinamugwira n'chiyani tsiku limenelo. Iye sakumbukira, amangolira n'kumati, 'Ndadzipha ndekha, ndaphanso ana anga.' Ndimamuuza kuti chakudza sichiimba ng'oma, koma samva. Chakudya akukana. Chonde musatisungire mkwiyo."

Bambo wa jekete! Mayi a Chisamba anadziwa jekete yake: inali ya achimwene awo, anaisoka ndi amuna awo. Atelala anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Chisamba ndiye anawerama, n'kumugwira mayi uja m'manja onse awiri, n'kumudzutsa.

"Dzukani, mayi. Musandigwadire ine. Mwendo wawo uli bwanji?"

"Anaudula, achemwali. Pamwamba pa bondo."

"Ana muli nawo angati?"

"Anayi. Wamkulu ndi amene akuyesa kutenga mkaka kwa alimi, koma alibe njinga."

Chisamba anagwedeza mutu. M'minibasi pobwerera mayi ake anakhala naye mpando umodzi.

"Mwana wanga, chisoni tonse tili nacho," ananong'ona. "Mlandu ukatha tidzawathandiza mwakachetechete. Koma usaiwale zomwe anakuphunzitsa malume ako. Ganizira mwana wako."

"Ndikumuganizira, amayi," anatero Chisamba akuyang'ana pawindo.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, chifukwa milandu inali yambiri. Panali a mbuzi zobedwa, a ndewu za kumowa, a malire a munda. Mayi a Chisamba anakhala benchi lachiwiri pamodzi ndi achimwene awo. Atelala anawauza kuti akhale panja pakhonde, poti mboni silowa isanaitanidwe. Anali atavala suti yawo yakale, ndipo mkazi wawo anawadutsa osawayang'ana. Mkazi wa wamkaka anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Chisamba anaitanidwa, nalowa m'bokosi. Kalaliki anawerenga mlandu. Woweruza, mayi wa magalasi yemwe ankaoneka kuti watopa ndi mabodza a m'mawa wonse, anafunsa osadzutsa mutu.

"Wamva mlandu wako. Ukuvomera kapena ukukana?"

"Ndikuvomera, bwana."

Loya anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Malume anamenya bondo lawo. Mayi a Chisamba anamva ngati benchi lachoka pansi pawo.

"Bwana, ndipempheko mphindi zochepa ndilankhule ndi..."

"Aloya, khalani pansi," anatero Chisamba mwaulemu. "Pepani kuti ndakutayitsani nthawi. Bwana, ndiloleni ndinene mmene zinakhalira."

Woweruza anavula magalasi n'kumuyang'ana koyamba. "Ukudziwa kuti mlandu uwu ukhoza kukupititsa kundende?"

"Ndikudziwa."

"Wakukakamiza munthu?"

"Ayi, bwana. Ondikakamiza amafuna ndikane."

Anthu anaseka pang'ono.

"Ndinkayendetsa ndi dzanja limodzi," anatero Chisamba. "Dzanja linalo linali ndi foni, ndipo maso anga anali pafonipo. Sindinganene kuti ndinayang'ana kumbali nthawi yaitali bwanji. Ine ndinkaona ngati n'kuphethira chabe, koma pobweza maso galimoto inali itachoka kale mumsewu. Bambo wa mkaka uja anali kumbali kwake. Sanazembe dzenje, sanalowe mumsewu, sanalakwe chilichonse. Akazi awo ali kumbuyo uko. Ndikupempha akawauze amuna awo lero lomwe kuti sanadziphe okha, ndipo ayambe kudya."

Kumbuyo kunamveka kulira kwa munthu wotseka pakamwa ndi nsalu.

"Apolisi sananene za foni," anatero woweruza. "Unkalankhula ndi ndani?"

Mayi a Chisamba anagwira benchi lakutsogolo kuti adzuke. Mwana wawo sanayang'ane n'komwe mbali yawo.

"Foni imalira kwa aliyense, bwana. Woimba saona msewu. Amene anali ndi chiwongolero ndi ine, ndipo pambali pa msewu malo oimapo analipo."

"Wa boma, mboni yanu ikufunikabe?"

"Ayi, bwana. Poti wavomera, mboni sitiitananso."

"Ndi chomwe ndimafuna," anatero Chisamba motsitsa, koma mayi ake anamva.

Apa m'pamene anamvetsa zonse. Mwana uyu anaona kuti bambo ake akalowa m'bokosi muja atuluka ali wosekedwa kapena womangitsa mwana wake, ndipo mayi ake atsala ndi dzina la woimba foni. Anasenza yekha katundu wa anthu atatu, osapempha womutula. Misozi inatsika, mayiwo osaipukuta.

Woweruza anagamula masana. Anati wamva kuti Chisamba sanapalamulepo, kuti ali ndi mwana wamng'ono, ndiponso kuti wanena zoona zomwe boma silikanazipeza lokha, ndipo zonsezo zamuchepetsera chilango. Koma anati munthu wataya mwendo, ndipo oyendetsa galimoto ambiri masiku ano akuyesa msewu ndi pabalaza pawo, pomwe angacheze ndi abale uku akuthamanga. Anamulanda laisensi, n'kumulamula kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi.

Wapolisi wamkazi anamutulutsira khomo la kumbali. Atelala, omwe anali atamva zonse ali pakhonde, anaima panjira, misozi ili m'maso.

"Bambo, musalire, muwononga ntchito ya adokotala," anatero Chisamba. Kenako anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, mwana mukamuuze zoona. Mukamuuze kuti amayi ake anavulaza munthu ndi galimoto chifukwa choyang'ana foni, ndipo apita kukalandira chilango. Asakamve kwa anzake kusukulu. Ndipo musachoke pakhomo paja, mwamva?"

"Mwana wanga, ndine ndinaimba..."

"Munkafuna kuona amuna anu. Pamenepo palibe mlandu."

Wapolisi anamugwira pamkono mosakakamiza, n'kupita naye ku galimoto yomwe inkadikira kuseri. Malume anali kale pageti ndi loya, akutambasula manja, akuti sanaonepo uchitsiru wotere chibadwire. Mayi a Chisamba anaima pamasitepe, atagwira mkono wa suti ya amuna awo osadziwa kuti augwira liti.

Pafupi nawo panali amayi awiri omwe anabwerera mlandu wina, akukambirana mokweza ngati mmene amachitira anthu osadziwa kuti mwini nkhani ali pomwepo.

"Koma mtsikana uja! Loya ali naye, mboni ndi bambo ake, wovulalayo sakumbukira kanthu. Akanangoti ndikukana, bwenzi pano akupita kwawo."

"Ine ndakhala ndikubwera kukhoti kuno chaka chonse ndi mlandu wa munda uja, sindinamvepo munthu akuyankha choncho. Kaya ndi mwana wa ndani."

Mayi a Chisamba anatembenuka, maso ali ofiira, mphuno ikuchucha, mpango utapendekeka.

"Ndi wanga," anatero. "Ndinabereka ine ameneyo. Bambo ake ndi awa."